K-Jetronic yandivuta: ndiikonze kapena ndiike ya kompyuta?

Kamtedza84
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto. Ndili ndi galimoto ya petulo ya 1984 imene anandisiyira malemu bambo anga. Ilibe kabuleta, ili ndi K-Jetronic, injection ya makina yopopera petulo mu injini, ija mukatsegula boneti mumaona timapaipi tikuchokera pamalo amodzi ngati miyendo ya kangaude. M'mawa ikakhala yozizira imalira kamodzin'kamodzi. Koma ndikayenda, injini n'kutentha, kenako ndiime theka la ola, kuti ilirenso ndi nkhondo. Sitata imazungulira mpaka batire kuyamba kufooka. Ikalira imayamba yatsamwatsamwa kaye, kenako n'kukhala bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Mapulagi ndasintha, koyilo ndasintha, fyuluta ya mafuta ndasintha, koma matenda ali pomwepo.

Amakanika awiri andiuza zosiyana. Wina akuti tizule zonsezo tiikepo kabuleta. Winayo akuti zamakinazi zinatha ntchito, tipeze injini ya m'ma 1990 ya EFI, injection ya magetsi, pamodzi ndi kompyuta yake. Ine mtima ukukana chifukwa ndikufuna galimotoyi ikhale mmene anaisiyira madala. Ndiye ndifunse: pa galimoto zakalezi, injection ya makina ndi ya kompyuta, yodalirika ndi iti? Nanga yangayi ndiitani?

Sipanala13
Ikani kabuleta achimwene, muzigona tulo. Kangaudeyo palibe amamumvetsa.

GogoInjini
A Sipanala, nenani kuti inuyo simumumvetsa, osati palibe.

A Kamtedza, musazule kanthu. Mwafotokoza bwino moti matendawo ndawaona ndili pano. Koma mudziwe kaye mmene chinthucho chimagwirira ntchito, kuti wina asakunamizeninso.

Mpweya ukamalowa mu injini umakankha kambale kachitsulo kamene kali pa mkono ngati wa sikelo. Kambaleko kakasuntha, mkonowo umakweza kapisitoni kakang'ono m'kati mwa fuel distributor, kangaude mukunenayo. Kapisitoniko kakakwera kamatsegula timing'alu topyapyala kwambiri, kamodzi pa silinda iliyonse, mafuta n'kumapita ku ma injector. Mpweya ukachuluka, mafutanso amachuluka, basi. Ma injector ake alibe waya. Ali ndi kasipuling'i chabe, amatseguka okha pulesha ikapitirira 3 bar pang'ono, ndipo amapopera osalekeza nthawi yonse injini ikulira. K ameneyo ndi wa mawu a Chijeremani otanthauza kusalekeza.

Ndiye moyo wake wonse uli pa pulesha. Pampu imakankha mafuta pafupifupi 5 bar. Mukazimitsa injini, puleshayo siyenera kutha nthawi yomweyo. Pansi pa galimoto, pafupi ndi pampu, pali accumulator, kachitini kokhala ndi sipuling'i ndi labala m'kati. Pa pampu pomwepo palinso kavalavu koletsa mafuta kubwerera ku thanki. Ziwirizi zimagwira pulesha kuti petulo wa m'mapaipi asawire ndi kutentha kwa injini yoima. Zikatopa, petulo amasanduka nthunzi, ndiye sitata imayamba yathamangitsa nthunziyo injini isanalire. M'mawa sizivuta chifukwa kutentha kulibe, komanso pali injector yachisanu imene imapopera mafuta owonjezera injini ikakhala yozizira.

Chofunika ndi geji yofika 10 bar yokhala ndi kampopi. Imalumikizidwa pakati pa fuel distributor ndi warm-up regulator, kachipangizo kochititsa kuti mafuta achuluke injini ikakhala yozizira. Muyeze zinthu zitatu. Pulesha ya pampu ikhale pafupi ndi 5. Pulesha ya regulator ikhale yotsika injini ili yozizira, n'kumakwera mpaka cha m'ma 3.5 ikatentha. Kenako zimitsani, muyang'ane wotchi. Pakatha mphindi 20 muvi uyenera kukhala udakali m'mwamba, cha m'ma 2 bar, nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Ukagwa mpaka pansi m'mphindi zochepa, mwagwira wakuba.

Kamtedza84
Zikomo agogo. Koma pa injector yachisanupo mwandisokoneza. Yachisanu powerenga, kapena yachisanu chifukwa imagwira ntchito kukazizira?

GogoInjini
Zonse ziwiri mwana wanga, ngati injini yanu ili ya masilinda anayi. Chichewa chinatikomera pamenepo.

Waya_Wofiira
Agogo ndimawalemekeza, ndipo pa matenda a galimotoyi sinditsutsa. Koma funso linali lakuti yodalirika ndi iti, ndipo pamenepo ine ndili kwa kompyuta mosabisa.

K-Jetronic yosakhala ndi sensa ya utsi ndi yakhungu. Imapereka mafuta malinga ndi mmene anaitcherera, koma sidziwa ngati mafutawo apsa bwino. Labala ya mpweya ikang'ambika pang'ono, mpweya n'kumalowa kuseri kwa kambale, iyo sidziwa. Injector imodzi ikayamba kudontha, sidziwanso. EFI imafunsa mafunso nthawi zonse: injini yatentha bwanji, mpweya ukulowa wochuluka bwanji, phazi laponda bwanji, injini ikuzungulira kangati. Ikatero imatsegula injector kwa kanthawi kowerengeka, n'kufunsanso sensa ya mu ekizozi ngati yalondola. Petulo amapsa bwino pakakhala magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera, ndipo kompyuta imakhalira kukonza zimenezi mukuyenda. N'chifukwa chake siimwa mafuta kwambiri, utsi wake ndi woyera, ndipo mukakwera nayo malo okwera kumene mpweya ndi wopepuka imadzisintha yokha.

Chachiwiri, imanena pomwe pakupweteka. Anthu amaganiza kuti mpaka makina odula. Ayi. Pa Toyota za m'ma 1980 ndi 1990 mumangotenga kawaya, kulumikiza TE1 ndi E1 m'kabokosi ka diagnosis, kutembenuza kiyi, nyale ya check engine n'kuyamba kuphethira. Kawiri, kupuma, kawirinso, ndiye 22, sensa ya kutentha kwa madzi. Sensa imeneyo mumaiyeza ndi mita wamba: pafupifupi 2,500 ohm pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Kuyambira 1996 galimoto zing'onozing'ono zatsopano zonse zogulitsidwa ku America zinakakamizidwa kukhala ndi OBD-II, njira yofanana yowerengera matenda pa kompyuta ya galimoto, ndipo lero kachipangizo kolumikiza ku foni kamawerenga zimenezo. Kangaude wa agogoyo angakuuzeni chiyani? Amangokuyang'anani.

Sipanala13
Imanena pomwe pakupweteka? Ine inandiuza kuti sensa ya utsi yafa. Ndinagula ina, nyale osazima. Ndinagulanso ina, osazima. Mapeto ake linali bowo pa manifodi ya ekizozi. Kompyuta yanuyo ndi yabodza.

Waya_Wofiira
Siinaname. Inati zimene ikumva kuchokera ku sensayo sizikumveka. Inu ndi amene munathamangira kugula musanayeze. Mwana akalira kuti mwendo ukupweteka simudula mwendo, mumayang'ana mu nsapato.

Chingolopiyo
Ndikonzeko kanthu kamodzi, chifukwa ndikuona ngati tonse tikuganiza kuti ya makina ndi yakale, ya magetsi ndi yatsopano. Pa petulo mbiri yake siinayende mowongoka chomwecho.

Ya makina inayambadi kale. Mercedes-Benz 300 SL ya 1954 inali nayo, yopopera m'silinda mwenimweni, ndipo pampu yake inali mbale wake wa pampu ya dizilo. Peugeot 404 ndi 504 komanso BMW 2002 tii zinali ndi ya Kugelfischer, Triumph TR5 ndi TR6 zinali ndi ya Lucas. Koma ya magetsi nayo siinachedwe. Bendix inapanga Electrojector, inaikidwa pa galimoto zochepa za Chrysler mu 1958, inavuta moti zambiri anazibwezera makabuleta. Bosch inatenga nzeruzo, mu 1967 n'kutulutsa D-Jetronic pa Volkswagen 1600. Imeneyo inali ya magetsi, ya matransisita, yoyeza pulesha ya mu manifodi.

K-Jetronic ya a Kamtedza inabwera pambuyo pake, mu 1973, pa Porsche 911. Ndiye kuti ya makinayi ndi mng'ono wake wa ya magetsi. Inali yolondola mokwanira malamulo a utsi a nthawi imeneyo, n'chifukwa chake inafalikira: Golf GTI yoyamba ya 1976, Volvo 240, Mercedes, Audi, mpaka Ferrari 308. Nthawi yomweyo L-Jetronic ya magetsi inali ikuyenda pambali kuyambira 1974, ndipo mu 1979 Motronic inaphatikiza mafuta ndi moto wa mapulagi mu kompyuta imodzi pa BMW 732i.

Chinagonjetsa ya makina si kufooka. Ndi catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi choyeretsa utsi. Imeneyo imafuna mafuta olondola nthawi zonse, ndiye panafunika sensa ya utsi, imene Volvo inayamba kuika mu 1976. Anayesa kuphatikiza ziwirizi pa KE-Jetronic, kangaude yemweyo koma womuwongolera ndi kompyuta. Mapeto ake zinaoneka kuti kuchotseratu kangaudeyo n'kosavuta kupanga.

GogoInjini
A Chingolopiyo anena zoona. Ndionjezere kuti KE-Jetronic ili ndi ubwino umene anyamata sauona. Muzule pulagi ya kompyuta yake injini ili yotentha, galimoto idzakufikitsani kunyumba, chifukwa maziko ake ndi makina. Yesani zimenezo pa EFI. Sensa imodzi ya crankshaft ikangoti zii, mwaima pomwepo, ngakhale thanki ili yodzaza ndipo injini ilibe vuto lina lililonse.

Koma ndisaname, K-Jetronic nayo imafuna magetsi. Pampu yake ndi ya magetsi, warm-up regulator ili ndi kawaya kotenthetsa m'kati, injector yachisanu ija ndi ya magetsi. Relay ya pampu ikafa mumaima chimodzimodzi.

Mjomba_Dizilo
Inu a petulo mukukangana za ana. Bwerani ku dizilo muone ya makina yeniyeni.

Pampu ya rotary, ngati Bosch VE kapena zofanana nayo za Denso ndi Zexel, ili pa injini monga Toyota 2L, 3L, 1HZ, Nissan TD27, Isuzu 4JB1, Mitsubishi 4D56 zakale, Land Rover 200Tdi ndi 300Tdi zambiri. Waya wofunika pa pampu imeneyo ndi mmodzi, wa solenoid yozimitsira. Mukaupatsa 12 volts mafuta amadutsa, mukauchotsa injini imazima. Kupopa, kugawa ku masilinda, nthawi yopopera, kuletsa injini kuthamanga mopyola, zonse zimachitika m'kati ndi zitsulo. Mapampu a inline, a timapisitoni tondandalikana, ndiye kuposa pamenepo. Mercedes OM617 imazimitsidwa ndi vacuum, moti ikalira mutha kuchotsa batire iyo osadziwa n'komwe.

Nozo yake imatseguka cha m'ma 110 mpaka 150 bar pa injini za indirect. Mumaiika pa kapampu ka dzanja, kupopa, kuona ndi maso ngati ikupopera nkhungu kapena ikukodza, kusintha kansonga, kuika mashimu, yatha.

Tsopano common rail, ya dizilo yoyendetsedwa ndi kompyuta, imene ma injector onse amalandira mafuta kuchokera m'paipi imodzi ya pulesha. Inafika pa galimoto zing'onozing'ono mu 1997 pa Alfa Romeo 156, ndi pulesha ya 1,350 bar. Za pambuyo pake zinafika 1,600, 1,800, mpaka kupitirira 2,000. Mphamvu ili nazo, phokoso lochepa, utsi wochepa, sindikana. Koma mipata ya m'kati mwa injector ndi yochepa kuposa tsitsi. Kadontho ka madzi kapena kafumbi, zapita. Pampu ikayamba kudya zitsulo zake, tizidutswa timafika ma injector onse, ndiye mutsuke thanki, mapaipi, zonse. Ndipo zambiri injector yatsopano muyenera kuilembetsa nambala yake mu kompyuta. Kutali ndi galaja mungachite zimenezo?

MayiWaPikapu
Mjomba, ine ndili mbali yanu koma musakometse mopyola. Pikapu yanga ndi ya 1994, pampu ya makina, ndimayendetsa ndekha ndipo zambiri ndimakonza ndekha. Kupopa mpweya ndikasintha fyuluta, kumasula manati a manozo mpaka thovu litatha, kukhetsa madzi pansi pa fyuluta, zonsezo manja anga amazidziwa.

Koma tsiku limene pampu inayamba kudontha pa shafuti ya thirotolo ndinaphunzira kuti mawu akuti yosavuta ali ndi malire. Mnyamata wina anati n'kalabala chabe, atsegula pamwamba asinthe. Anasinthadi, koma pobwezera sanaike shafutiyo pa mano amene anaichotsa. Galimoto inalira ngati ikufuna kuuluka. Anayamba kupotokola masikuluwu kuti aikhazike, mapeto ake utsi wakuda, mphamvu kulibe. Inathera kwa anthu a benchi yoyezera mapampu, ndipo anthu amenewo akuchepa chaka ndi chaka.

Ndiye ya makina siikufera panjira kawirikawiri, zoona. Imakuchenjeza. Imayamba kuvuta kulira, utsi, kugogoda, miyezi ingapo. Koma ikafika pofuna kukonza m'kati, imafuna katswiri kuposa ya kompyuta. Mlongo wanga ali ndi ya common rail, amakoka katundu wolemera kuposa ine pa chitunda, ndipo mafuta amamwa ochepa. Iye chinsinsi chake ndi fyuluta yabwino pa nthawi yake, ndipo sathira dizilo wa m'zigubu zosadziwika. Mpaka lero ma injector sanawagwire.

Waya_Wofiira
Mwamva mjomba? Achemwali anena zimene ndimafuna kunena. Ndiponso dizilo wa masiku ano wa sulufule wochepa amaumitsa malabala akale a mapampu anuwo, n'chifukwa chake ambiri anayamba kudontha.

Chenjezo limodzi kwa aliyense: paipi ya dizilo ya pulesha ikamadontha musafufuze ndi chala injini ikulira. Mafutawo amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Bala limaoneka laling'ono koma munthu amatha kuduka chala kapena dzanja. Zikachitika, kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo zomasula manati injini ikulira kuti mumve silinda yakufa, zimenezo n'za pampu zakale, osati common rail.

Mjomba_Dizilo
Za chalazo ndavomera, ndipo ngakhale nozo ya makina pa kapampu ka dzanja imaboola chimodzimodzi.

Koma pali gulu lina lapakati limene ine ndimaliopa kuposa onse awiri: pampu ya rotary yokhala ndi ubongo wa magetsi, monga pa 1KZ-TE, 5L-E, kapena VP44 imene kompyuta yake inakhala pa pampu penipeni, pamalo otentha. Ikavuta, wa mapampu amati ndi za magetsi, wa magetsi amati ndi za pampu, iwe uli pakati ngati mpira. Mapanga awiri avumbwitsa.

Fulugunya
Pepani ndipatukeko. N'zoona kuti galimoto ya EFI siilira pokankha? Tinakangana dzulo ndi anzanga.

Waya_Wofiira
Imalira, bola ikhale ya magiya a dzanja ndipo batire likhale ndi kamoyo kokwanira kuyendetsa pampu ndi kudzutsa kompyuta. Likaferatu mukankha mpaka mawondo kuwawa. K-Jetronic chimodzimodzi, chifukwa cha pampu.

Namadzunda
Poti tapatuka kale. Inu mukudandaula yokana kulira, munaonapo yokana kuzima? Ine ndinaona ndi maso anga. Inali ya dizilo, tebo (turbo) inatha masiilo, oyilo n'kumalowa munjira ya mpweya. Injini ya dizilo siisankha, inayamba kumwa oyilo wake womwe. Mwini wake anazula kiyi, ili m'manja, injini ikungokwera, utsi woyera kudzaza bwalo lonse. Wina anathamangira kuchotsa batire, osathandiza. Anaipulumutsa ndi bambo wina amene analumphira m'kati, kuika giya yapamwamba, kuponda buleki, kusiya kilatchi. Njira ina ndi kutseka polowera mpweya ndi thabwa, osati dzanja, osatinso sanza. Pamenepo pampu kaya ndi ya makina kaya ya kompyuta zilibe ntchito, chifukwa mafutawo sakudzera ku pampu.

Sipanala13
Kabuleta sachita zimenezo. Ndangodutsa.

Woyang'anira
Abale, za dizilo n'zokoma koma mwini funso ali ndi ya petulo ndipo akudikira. Tibwerere.

Kabatire
Ine ntchito yanga ndi magetsi a galimoto, ndiye mwina mukuyembekeza kuti ndiikira kumbuyo a Waya. Pang'ono pokha. Funso likunena za galimoto zakale, ndipo EFI ya 1992 lero si yatsopano. Nayonso yakalamba, kungoti imakalamba mwanjira ina.

Ya makina imakalamba ndi dothi, dzimbiri ndi kukhala. K-Jetronic ikaima chaka osalira, petulo amauma n'kusiya ulimbo, kapisitoni kaja kamamatirira. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakokanso chinyezi. Ya magetsi imakalamba ndi kutentha. Mawaya amauma n'kumasweka ukangowapinda, mapulagi amachita dzimbiri lobiriwira, ma capacitor a mu kompyuta za m'ma 1990 amatha kudontha n'kudya tinjira ta pa bolodi. Airflow meter ya kachitseko, yoyeza mpweya wolowa, ili ndi kanjira ka kaboni kamene kamaperepeseka, galimoto n'kumadzuma pa liwiro limodzi lomwelo. Ndipo pa zimene zimabwera kwa ine akuti kompyuta yafa, zambiri ndimapeza waya wa earth womasuka kapena relay yopsa. Kompyuta yeniyeni siifa wamba, pokhapokha wina atatembenuza mawaya pobusita batire kapena madzi atalowa.

Kusiyana kwake ndi uku. Matenda a ya makina amakhala pamalo amodzi, ukayeza lero ndi mawa upeza zomwezo. Matenda a ya magetsi yokalamba amabwera n'kupita. Ikafika pagalaja imachira, ikatuluka pageti imayambanso. Amenewo ndi amene amayeretsa tsitsi.

A Kamtedza, injini ya m'ma 1990 imene akukuuzaniyo ibwera ndi mawaya a zaka zoposa 25, odulidwa ndi munthu amene amafulumira. Ganizirani zimenezo.

Namadzunda
Ndionjezere pa kusinthako, chifukwa anthu amakuona ngati ntchito ya Loweruka limodzi.

Mukati kabuleta: manifodi ya injection siilandira kabuleta, mufune ina. Pampu yanu ikukankha 5 bar, pamene kabuleta amafuna cha m'ma 0.2 kapena 0.3 bar. Mukalumikiza mwachindunji, petulo asefukira pa injini yotentha, zotsatira zake mukuzidziwa. Ndiye pampu ina, kebulo ya thirotolo ina, majeti oti agwirizane ndi injini imene sanapangidwire. Mapeto ake mphamvu yatsika, mafuta ikumwa ambiri, ndipo galimoto yataya chimene chimaipatsa ulemu kwa odziwa.

Mukati EFI pa injini yomweyo: n'zotheka, anthu amachita ndi makompyuta oika okha ngati Megasquirt kapena Speeduino. Koma mufunika njanji ya mafuta, ma injector a magetsi oti akwane m'mabowo, regulator yotsitsa pulesha kufika cha m'ma 3 bar, sensa ya kuzungulira kwa injini, ya thirotolo, ya madzi, ya mpweya, ya utsi, kenako munthu wokhala ndi laputopu masiku angapo akuiphunzitsa injiniyo. Ikatheka bwino imayenda mokoma kuposa kale, sindinama. Ikatheka mwa theka chabe, imakhala galimoto imene munthu mmodzi yekha padziko lapansi amaidziwa, ndipo tsiku limene wasamuka mwagwira njakata.

Zonsezi chifukwa cha kachitini kamodzi kamene mwina katha labala?

Sipanala13
Chabwino, za pulesha ya pampu ndavomera, ndinaiwala. Koma zipangizo za kangaudeyo azipeza kuti? Fuel distributor ikafa?

GogoInjini
Siifa wamba ngati fyuluta ikusinthidwa. Accumulator, pampu, ma injector ndi malabala ake zimapezekabe, chifukwa galimoto zimene zinagwiritsa ntchito K-Jetronic ndi zambirimbiri. Distributor ndi regulator pali amene amazikonzanso. Chimene ndikupempha n'chimodzi: pakati pa kambale ndi distributor pali kabowo kolowa allen key ya 3 mm. Imeneyo ndi sikuluwu ya mafuta. Munthu asaigwire alibe makina oyezera utsi. Ambiri amaipotokola pofuna kubisa vuto la kwina, ndiye pamakhala mavuto awiri.

Kamtedza84
Ndabweranso abale, pepani ndinasowa masiku anayi. Geji ndinabwereka kwa bambo wina wokonza mathirakitala, tinachita kufunafuna zolumikizira. Zotsatira ndi izi. Pulesha ya pampu 5.1. Ya regulator inayambira 1.4 m'mawa, n'kukwera mpaka 3.6 itatentha. Nditazimitsa, muvi unagwa ndikuona, pasanathe mphindi ziwiri uli pa ziro.

Tinalowa pansi. Kumbuyo kwa accumulator kuli kapaipi kakang'ono, titakachotsa petulo anatuluka, pamene bambowo akuti kumeneko kumayenera kukhala kouma. Ndiye labala ya m'kati inabooka. Ndaitanitsa ina pamodzi ndi kavalavu ka pampu.

Koma ndaonanso china. Labala yaikulu ija ya pamwamba pa kambale ili ndi mng'alu m'munsi mwake, sumaoneka mpaka utaipinda. Ndipo ndikukumbuka kuti makanika woyamba uja analowetsa kakiyi m'kabowo kamene agogo akunenako, anati akuwonjezera mafuta. Safunsa anadya phula, ndinangomuyang'ana.

GogoInjini
Eya. Pampu ili bwino, regulator ili bwino, distributor musaigwire. Ikani accumulator ndi kavalavuko, mawasha a kopa akhale atsopano, ndipo musanamasule chilichonse chotsani waya wa batire, kulungani nsalu pa nati, fodya kutali. Mukatha yezaninso mphindi 20 zija. Pulesha ikamatsikabe, zulani ma injector onse muwaike m'mabotolo ofanana, pampu ikuyenda, mukweze kambale ndi dzanja pang'onopang'ono. Muone ngati akupopera mofanana, ndipo mukasiya kambale asadonthe.

Labala yong'ambikayo sinthani musanapite koyeza utsi. Mnyamata uja anawonjezera mafuta kuti aphimbe mpweya wolowa pa mng'alu. Mukatseka mng'aluwo mafuta achuluka, ndiye sikuluwu ija ibwezedwe ndi makina, osati ndi khutu.

Waya_Wofiira
Ndavula chipewa agogo. Koma taonani, mng'alu umenewo EFI ikanauzindikira kale, nyale ikanayaka.

Kabatire
Ya OBD-II mwina. Ya 1988 ikanangokhala chete n'kumadzuma, inu mukudziwa.

MayiWaPikapu
Ndipo a Sipanala akanagula masensa atatu.

Sipanala13
Awiri okha achemwali, musawonjezere.

Kamtedza84
Zafika, taika. Pakatha mphindi 20 muvi uli pa 2.4. Ndayenda nayo mpaka kutentha, ndaima theka la ola, yalira kamodzi. Ndinakhala kaye m'katimo osayenda, ndikukumbuka mmene madala ankaitsegulira boneti Lamlungu lililonse. Koyeza utsi ndipita sabata yamawa chifukwa tsopano ikununkha petulo ku ekizozi monga munanenera. Injector ya silinda yachitatu ikupopera chammbali, ndisinthe yokhayo kapena onse anayi?

GogoInjini
Onse anayi, pamodzi ndi malabala ake. Akhala limodzi kuyambira 1984, mukaika watsopano mmodzi atseguka pa pulesha yosiyana ndi anzake.

Fulugunya
Agogo musachoke. Yanga ndi KE-Jetronic, ikazizira imazima pa mphambano iliyonse mpaka itatentha. Ndiyambire geji kapena mita?